Chikuto cha Khaki

Munthu wokonda mabuku a zinjoka mu Blantyre muno amayamba nkhani pakati. Sikuti timafuna. Olemba mabuku amenewa amawalemba motsatizana, loyamba, lachiwiri, mpaka lachingati kaya, poganiza kuti owerenga onse amakhala pafupi ndi sitolo yosunga onse pamodzi. Ife athu amabwera m'mabelo limodzi ndi nsapato zakale, n'kudzayalidwa pansi m'makonde a masitolo ku Limbe, ndipo amene amalongedza mabelowo kunjako alibe nafe chisoni. Ukapeza lachinayi lero, lachiwiri udzalipeza utayamba imvi, loyamba udzangomva kwa ena kuti lilipo. Ine ndinalirapo maliro a mfumu ina, kenako ndinadzakumana nayo m'buku lina ili kamwana koyamwa. Ndinawerenga buku lonselo ndikudziwa kuti kamwanaka kadzabayidwa ndi mlamu wake, koma panalibe woti ndimuuze.

Amene amandigulitsa ndi bambo wina wovala chipewa cha ubweya ngakhale mu Okutobala, yemwe amayala katundu wake pafupi ndi pokwerera minibasi. Sawerenga zomwe amagulitsa, ndipo sabisa. Mtengo amauona pa kunenepa kwa buku. Akandiona ndikubwera amayamba kufukula pansi pa mulu, kumene amabisa mabuku anga kuti asaopseze ogula mabuku a mapemphero ndi ophunzitsa kulemera.

"Asisi, zanu zija zabwera," amatero chapansipansi, maso ali uku ndi uku ngati akundigulitsa chamba. "Ili lili ndi njoka. Ili lili ndi mfiti ya ndevu. Ili ndi lopanda chilombo koma ndi lonenepa bwino."

Sindingamuseke, chifukwa inenso ndimasankha poona chikuto. Ndingadziwe bwanji zam'kati nditaima padzuwa, anthu akundiponda zala ndipo oitanira minibasi akundikoka chikwama? Ndimakonda zikuto zakale zija zodzaza zinthu, zokhala ndi chinjoka chamapiko, phiri, nsanja, miyezi iwiri kumwamba ndi munthu wa pahatchi yemwe akuoneka kuti wasokera. Zikuto zamasiku ano ndi zaulesi. Amangoika tsamba limodzi kapena chisoti chachifumu pakati pa mdima, basi ntchito yatha, wojambula wapita kukadya. Palinso zija za akazi opita kunkhondo m'dziko lozizira atavala tizitsulo tosakwana n'kuphimba komwe. Zimenezo ndimagula ndithu, koma ndimawamvera chisoni eni ake, poti chifuwa chake sichingakhale chamasewera.

Ndikafika nalo kunyumba buku latsopano, ndimayamba ndalinunkhiza, chifukwa lililonse limabwera ndi fungo la nyumba ya munthu wina. Kenako ndimayang'ana mapu a kutsogolo. Ndimadziwa mitsinje ndi madoko a maiko omwe kulibe, ine amene ndimasokerabe m'misewu ya ku Mandala ndikatumidwa kukasiya makalata a kuofesi. Kuwerenga kwenikweni ndimawerengera m'minibasi, kuchokera kwathu ku Chirimba kupita m'tauni ndi pobwerera, chigongono cha munthu wina chili m'nthiti.

M'minibasi momwemo ndi momwe ndinaphunzira kuti chikuto ndi mlandu. Tsiku lina mayi wokhala pambali panga anayang'ana buku langa, n'kuyang'ana ine, n'kusuntha mwana wake kumuika mwendo winawo. Bambo wina kumbuyo anayamba kupemphera mokweza pang'ono kuti ndimve kuti akunena ine. Pomaliza kondakitala, munthu yemwe anali atangotukwana gogo wina chifukwa chochedwa kutsika, anandigwira paphewa mwaulemu wonse.

"Asisi, chinthucho chilowe m'chikwama. Anthu akudandaula."

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kukuta mabuku anga ndi makalendala akale a kutchalitchi, mavesi ali kunja. Ulemu womwe ndinayamba kulandira sindinauonepo. Amayi achikulire ankandimwetulira, ena ankandisiyira malo a pawindo poganiza kuti ndikuphunzira za ubusa, pamene ine ndili pakati pa nkhondo ya afiti. Koma sindinkamata ayi. Ndinkangopinda m'makona mosalimbitsa kuti ndikafika kuchipinda kwanga ndizivundukula n'kumaona zithunzi zanga.

Buku limodzi lokha ndi lomwe sindinalikutepo, ndipo silinkatuluka m'nyumba. Linkaima pamwamba pa shelefu, chikuto chitayang'ana kukhomo. Limenelo anandipatsa ndi bambo anga.

Bambo anali ophika panyumba ina ku Sunnyside. Makolo awo anachokera ku Mozambiki kudzathyola tiyi, bambowo n'kudzakulira m'makhitchini a eni ake. Chingerezi chawo chinali cha pazitini ndi pamapaketi a ufa wa buledi. Azungu a panyumbapo ankasinthasintha, ndipo ena atatsala pang'ono kubwerera kwawo anaika katundu pakhonde n'kuuza antchito kuti aliyense atenge chomwe akufuna. Ine ndinali fomu wani. Bambo anafika madzulo pa njinga yawo ali ndi poto mmodzi ndi buku limodzi.

"Anzanu atenga mabulangete," anatero amayi, "inu mwatenga chithunzi cha njoka."

"Simukuona bwino," anayankha bambo. "Taonani mwana wanu uyu. Amujambula."

Chikuto chake chinali chobiriwira, chofwifwa m'mphepete. Panali mtsikana wa tsitsi lalifupi ataima pamwala, lupanga ataligwira mozondotsa ngati munsi, ndipo kumbuyo kwake kunali chinjoka chamapiko chitatsamiritsa chibwano pansi. Mtsikanayo sanali wokongola. Anali atatulutsa mlomo wam'munsi, maso atakwinya, ngati munthu amene wauzidwa zinthu zomwe sachita ngakhale mumumenye.

"Mlomo womwewo," anatero bambo. "Umu ndi mmene amaimira akamakana kutsuka mbale."

Amayi anayang'anitsitsa, n'kutsonya, n'kupita kukatsuka poto uja. Koma ndinawaona akubisa kuseka.

Ndinaliwerenga temu yonse bukulo, dikishonale ili pambali. M'kati mwake mtsikana uja ankanenedwa kuti ali ndi tsitsi lalitali lofika m'chiuno ndiponso nkhope yofatsa, zomwe zinandiphunzitsa kuti ojambula zikuto nawonso sawerenga. Ine ndinakhulupirira wojambulayo. Bambo akaweruka ankakhala pakhonde akuvula nsapato, n'kundifunsa funso lomwelomwelo.

"Walasa kale njoka ija?"

"Ayi, abambo. Njokayo ndi mnzake."

"Ndinadziwa ine. Iwe ungagwirizane ndi njoka."

Nditafika tsamba lomaliza, mtsikanayo anali ataima pakhomo la mzinda wa adani ake, asanagogode n'komwe. Bambo anafunsa kuti zatha bwanji. Ndinawauza kuti sizinathe, ili ndi lachiwiri, pali lachitatu.

"Ndiye kuti azungu aja anandipatsa theka," anatero. "Usadandaule, akadzachoka enawa ndidzayang'ana."

Bambo anamwalira ndili fomu folo, azungu enawo asanachoke. Lachitatulo ndalifunafuna m'makonde onse a Limbe ndi m'tauni mpaka lero, ndipo bambo wa chipewa uja analoweza mtundu wake, koma silinabwerepo. Mtsikanayo akadali pakhomo paja.

Amayi sanandiletsepo kuwerenga. Iwo mabuku ankawalemekeza monga amalemekezera galu wa eni, osamuputa komanso osamuyandikira. Chomwe ankadziwa bwino pa nkhani ya mabuku chinali kukuta. Sukulu ikamatsegulira, ine ndi mlongo wanga tinkakhala pansi n'kumaonerera iwo akudula mapepala a khaki, akupinda makona akuthwa, akumata, kenako akusita kope lililonse ndi nsimbi yamakala kuti pepala ligone. Pamwamba ankalemba okha dzina la phunziro ndi zilembo zikuluzikulu zopendekera kumanzere. Makope athu ankatha chaka osavuka, ngakhale m'kati mutadzaza mitanda yofiira ya aphunzitsi. Mlongo wanga anakula n'kusamukira ku Lilongwe, koma makope ndi mabuku ake a sukulu anakhalabe m'katoni pansi pa bedi la amayi.

Tinatsala awiri m'nyumba ya ku Chirimba, ndipo tinkakhala bwino, mpaka zinthu zitatu zinakumana. Mwendo wa amayi unayamba kutupa. Firiji inafa. Ndipo ine ndinapitirira zaka zomwe achibale amayembekeza kudya mpunga wa ukwati wako. Kuchipatala anati mwendowo ndi wa ukalamba ndi kuima nthawi yaitali. Wokonza mafiriji anati ndi kuzimazima kwa magetsi. Za ine panalibe amene anandifunsa. Koma azakhali anga, mlongo wa bambo, amene amakhala ku Bangwe, sakhulupirira kuti zinthu zitatu zingachitike popanda wozituma.

Azakhali anasiya tchalitchi chomwe anabatizidwira n'kuyamba kupemphera kwa mneneri wina amene amachita misonkhano m'kalasi ya sukulu ina ku Limbe. Atabwera kudzaona mwendo wa amayi anagona kuchipinda kwanga, ndipo m'mawa anatuluka maso ali psuu.

"Sindinagone," anauza amayi, ine ndili pomwepo ndikumwa tiyi. "Chimkazi cha chimpeni chija chimandiyang'ana. Alamu, mukusunga chiyani m'nyumba muno?"

"Ndi mabuku a mwana," anatero amayi.

"Mwana wake uti? Uyu ndi mayi woti akanakhala ndi ana a sekondale."

Ndinawauza kuti buku limenelo anandipatsa ndi mlongo wawo yemwe. Anayankha kuti n'chifukwa chake anafa msanga. Ndinaika kapu pansi n'kupita kuntchito, chifukwa chomwe chinali pakamwa panga sichinali choyenera kuuza azakhali.

Ndinkayesa kuti zathera pomwepo. Ndine munthu wowerenga za ziwembu za m'nyumba zachifumu tsiku ndi tsiku, koma chiwembu cha m'nyumba mwathu sindinachione.

Loweruka timaweruka masana. Nditatsika minibasi tsiku limenelo ndinaona utsi kumbuyo kwa nyumba yathu, ndipo ndinaganiza kuti amayi akuwotcha zinyalala. Kenako ndinamva kuimba. Pabwalo panali anthu osawadziwa, ena atatseka maso, ena atawatsegula bwinobwino kuti asaphonye kanthu. Matiresi anali panja. Masutikesi anali otsegula. Thumba la ufa linali pakhonde, ndipo munkaoneka kuti mwalowa mkono mpaka m'chigongono.

Kudzala kunali moto, ndipo pambali pake panali mulu wa mabuku anga. Mneneri anali mnyamata wamng'ono kwa ine, wovala suti yonyezimira ndi nsapato zoyera zosongoka. Ankatola buku limodzilimodzi, kuvundukula kalendala yanga ija ndi zala ziwiri, kuonetsa anthu chikuto, anthu n'kudzuma, iye n'kuponya pamoto. Kupinda kwanga kosalimbitsa kuja kunamuthandiza kwambiri pa utumiki wake. Sanatsegule ngakhale buku limodzi kuti aone zolembedwamo. Pa zimenezo anali ngati ife tonse.

"Ndi ameneyu," anatero azakhali atandiona. "Atumiki, mwana uja ndi uyu."

Mneneri anandiyang'ana mwachisoni chachikulu. M'manja mwake munali buku lomwe ndinalisaka nthawi yaitali, la msilikali wa ndevu zofiira wonyamula nkhwangwa.

"Chemwali, musaope," anatero. "Tapeza guwa. Uyu ndiye mwamuna wanu wauzimu. Ndi amene amathamangitsa amuna enieni."

Ndinamuyang'ana msilikali uja komaliza. Kunena zoona, pa amuna onse omwe achibale anayesapo kundipezera, ameneyo ndiye anali ndi ntchito yodziwika.

"Amenewo ndi mabuku anga," ndinatero. "Ndinagula ndekha. Ndi nkhani zopeka."

"Mwamva?" anatero mneneri potembenukira kwa anthu ake. "Si iye akulankhulayu."

Pamenepo ndinadziwa kuti palibe chomwe ndinganene. Ukakana, ndi chiwanda chikukana. Ukalira, ndi chiwanda chikutuluka. Ndinasiya zotsutsana n'kuthamangira kuchipinda kwanga. Ena onsewo akanatha kupsa, mtima ukanawawa koma Limbe ikadalipo. Ndinkafuna limodzi lokha. Pamwamba pa shelefu panalibe kanthu, panangotsala kamzere kopanda fumbi pomwe linkaima.

Ndinabwerera kudzala n'kugwada pa mulu uja, kufukula ngati nkhuku. Silinalipo. Azakhali anaona zomwe ndinkafuna, ndipo nawonso anakumbukira.

"Zoonadi," anatero. "Panali lina lobiriwira, la chimkazi cha chimpeni. Limenelo ndiye lenilenilo. Alamu, lili kuti?"

Amayi anali atakhala pampando pafupi ndi khoma, mwendo wotupawo atausanjika pa chidebe, manja ali pamiyendo. Sanandiyang'ane.

"Linapsa kale," anatero. "Ndinaliponya ndekha poyatsa moto. Ndi lomwe linali loyamba."

Anthu anaomba m'manja. Mneneri anati amayi ndi mzimayi wachikhulupiriro. Ine ndinayang'ana phulusa la pansi pa motowo, lomwe linali litayera kale, ndipo ndinamva ngati bambo amwaliranso, ulendo uno anthu akuimba nyimbo zachisangalalo. Akanakhala azakhali kapena mnyamata wa nsapato zoyera uja ndikanapirira. Koma amayi analipo tsiku lomwe bukulo linalowa m'nyumba, ndipo anaseka nawo.

Kusecha kunapitirira mpaka dzuwa litapendeka. Anatulutsa katoni ya mlongo wanga ija pansi pa bedi, mneneri n'kutolamo mabuku angapo a khaki, kuwerenga pamwamba, n'kubweza msanga. Zikuoneka kuti mizimu yoipa siikhala m'mabuku a sukulu, kapena atumiki nawonso ali ndi maphunziro omwe safuna kuwakumbukira. Atamaliza anawaza mafuta m'makona, kudya mpunga ndi nkhuku yathu, n'kunyamuka. Firiji sinadzuke.

Azakhali anatsala kuti aone ngati ndamasukadi. Anakhala masiku angapo, akugona pabedi langa mwamtendere tsopano, akuliza mkonono kutsogolo kwa shelefu yopanda kanthu. Ine ndinkagona pabalaza. Amayi ndinkawapatsa moni wa m'mawa ndi wa madzulo, poti ndinaleredwa, koma kupitirira apo ayi. Ndinkawatenthetsera madzi othowera mwendo, kuwaikira pansi, n'kuchoka osanena kanthu. Akandifunsa za kuntchito ndinkayankha kuti kuli bwino. M'minibasi ndinkangokhala manja ali pachikwama, kuyang'ana makosi a anthu. Ndinazindikira kuti msewu wa ku Chirimba ndi wautali, ndipo anthu amakamba zinthu zopanda mutu kuyambira pokwera mpaka potsika.

Sindinalirepo pamaso pawo. Ndinkangoyenda m'nyumbamo mlomo uli panja.

Tsiku lomwe azakhali ananyamuka ndinawaperekeza pamsewu, chikwama chawo chili pamutu panga. Pokwera anandigwira dzanja n'kunena kuti chaka chino sichitha ndisanapeze banja. Ndinawathokoza. Nditabwerera ndinapeza amayi atakhala pabedi lawo, katoni ija ili pakati pa miyendo.

"Wawakweza?"

"Eya."

"Minibasi yanyamuka, kapena ikudikira kudzaza?"

"Yanyamuka."

"Tseka chitseko. Tenga buku lako ili, likundidzazira malo."

Anandipatsa kabuku kokutidwa ndi khaki, makona akuthwa, pepala litagona bwino. Pamwamba panali zilembo zikuluzikulu zopendekera kumanzere: MASAMU. Ndinati amayi ayamba kusokonezeka. Koma dzanja linazindikira kulemera kwake mutu usanazindikire. Nditatsegula ndinaona mapu omwe ndinawaloweza ndili fomu wani, ndi kadontho ka tiyi pa nyanja ya kumpoto.

Ndinakhala pansi pomwepo, pasimenti.

"Munati munaliwotcha."

"Ndinatero."

"Munanama pamaso pa mneneri."

"Ndinapepesa kale kwa mwini wake wa mneneriyo. Zimenezo zisiye."

Anandifotokozera monga amafotokozera mtengo wa tomato, osakweza mawu. Azakhali anawaimbira foni Lachisanu kuti abwera ndi atumiki m'mawa mwake. Amayi sanathe kukana, chifukwa mlamu ndi mlamu, komanso mwendo unkawawadi, ndipo mumtima ankati mwina n'kutheka. Kundiuza sanafune, poti ankadziwa kuti ndikanajomba kuntchito n'kuima pakhomo ndi mpini, nkhani n'kufika mpaka kumudzi. Nditangonyamuka Loweruka lija anatsimphina kupita kwa kalipentala wa kuseri kwathu kukapempha guluu wa matabwa. Anadula khaki, kupaka guluu pachikuto chonse kutsogolo ndi kumbuyo, kumata, kusita ndi nsimbi kuti ziume msanga, kulemba pamwamba, n'kuliika pakati pa mabuku a mlongo wanga. Moto anayatsa okha alendo asanafike, ndi manyuzipepala akale, kuti phulusa lipezeke.

"Ndipo analigwira," anatero. "Mnyamata uja analigwira m'manja, n'kuwerenga, n'kubweza."

Ndinaseka koyamba m'masiku onsewo. Kenako mawu amodzi anandibwerera m'mutu, kuseka n'kuima.

"Amayi, mwati guluu wa matabwa?"

"Eya. Wolimba."

"Pachikuto penipeni?"

"Nanga ndikanapaka pati?"

Ndinatenga lezala. Ndinayamba pakona ya m'munsi, pang'onopang'ono, mpweya nditaugwira. Khaki inatukuka, koma inatukuka pamodzi ndi utoto wobiriwira, pansi n'kutsala pepala loyera lonyenyeka. Ndinayesa kona ina, zomwezo. Ndinawiritsa madzi n'kuika bukulo pa nthunzi, monga amachitira ofuna kutsegula kalata ya eni, koma guluu wa kalipentala uja anapangidwira mipando yokhalapo anthu onenepa. Chikuto chinangofewa n'kuyamba kupindika. Pamalo amodzi okha, m'mphepete momwe guluu sanafike, ndi pomwe panaoneka kansonga ka mchira wa chinjoka.

Mtima unandipsanso, ndipo ulendo uno ndinalankhula.

"Bwanji simunangolibisa?"

"Kuti? Unaona wekha. Analowetsa mkono m'thumba la ufa."

"Mukanapereka kwa aneba."

"Aneba ake ati? Theka la oimba aja anali aneba."

"Ndiye mukanangopinda khakiyo osamata."

"Ako opinda aja ali kuti?"

Ndinakhala ndi bukulo pamiyendo, lezala ili m'manja, misozi ikugwera pa MASAMU. Linapulumuka, inde, koma chomwe ndinkalikondera chinali chitakwiriridwa, ndipo wochikwirira anali atakhala pabedi akusisita bondo lake.

"Ndinapaka wambiri," anatero amayi. "Ndimaopa."

"Ndiye inu mumakhulupirira kuti mabuku aja anali ndi ziwanda?"

"Enawo kaya. Sindinawawerenge. Mwendo ukuwawabe, ndiye mwina analibe." Anasuntha mwendowo ndi manja awiri n'kuuika bwino. "Koma ili bambo ako anati ndiwe. Ndikanakhala pampando paja n'kumaonerera ukupsa?"

Ndinaika lezala pansi, ndipo sindinaitolenso.

Ndinayambanso kugula mabuku. Bambo wa chipewa atamva zomwe zinachitika anapukusa mutu n'kunena kuti aneneri amenewa akanamabwera pafupipafupi bizinesi ikanayenda. Masiku ano mabuku anga ndimasunga m'kabati ya kuofesi, pansi pa mafayilo omwe palibe amawatsegula, ndipo kunyumba ndimabwera ndi limodzi lokha lomwe ndikuwerenga. Azakhali akafunsa pafoni ngati pali amene waoneka, ndimati tikudikirabe, mwina wauzimu uja anasiya achibale.

Tili ndi kagulu ka pafoni ka anthu okonda mabuku otere, ochepa, obalalika m'makomboni ngati anthu a mpingo woletsedwa. Tsiku lina wina anati aliyense atumize chithunzi cha chikuto chomwe amachikonda koposa. Anzanga anatumiza zagolide, za zinjoka zolavula moto, za nsanja zofika m'mitambo. Ine ndinajambula khaki yanga, makona awiri oyera ndi kamchira m'mphepete. Anaseka kwambiri, wina n'kunena kuti aka n'koyamba kuona munthu wokonda masamu m'gulumo. Sindinafotokoze.

Limaimabe pamwamba pa shelefu, litayang'ana kukhomo. Chomwe chinayamba kundiopsa n'chakuti nkhope ija ikufufutika m'mutu mwanga. Mwala ndikuukumbukira, lupanga ndi chibwano cha chinjoka ndikuzikumbukira, koma mtsikanayo akundithawa pang'onopang'ono. Tsiku lina ndikuwathowa mwendo amayi ndinawafunsa ngati akukumbukira mmene ankaonekera, ngati maso ankayang'ana kutsogolo kapena cham'mbali, ngati mlomo unali wotuluka kwambiri kapena pang'ono. Iwo ndi amene anamuona komaliza.

Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutsonya.

"Galasi lili kuchipinda kwako," anatero. "Thira madzi ena, awa azizira."